Funso la amayi panja pa Great Hall

Mkanjo ndaupinda kale, uli pampando apa, chipewa pamwamba pake. Amayi ndi amalume agona. Ine tulo sitikubwera, ndiye bola ndilembe.

Lero ndalandira digiri yanga ya masitazi ku Yunivesite ya Malawi, konkuno ku Zomba. Za mwambowo ndilibe zambiri zoti ndinene. Nyimbo ya fuko, zolankhula, mayina, kuwomba m'manja. Dzina langa litaitanidwa ndinamva nthungululu ya amayi. Ndingaizindikire ngakhale pakati pa chinamtindi cha anthu, chifukwa ena onse akasiya, yawo imakhala ikupitirirabe.

Chimene chandikhalira pamtima chinachitikira panja, titatuluka mu Great Hall. Ojambula zithunzi akukokerana anthu, ena akugulitsa maluwa, mitambo itaphimba phiri la Zomba. Tinapeza mthunzi, amayi anayala chitenje n'kukhala pansi chifukwa miyendo inali itatupa. Anabwera dzulo kuchokera ku Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa, ndi phukusi la matemba, ati mwana asadye mpunga wokha tsiku lake lalikulu. Pamenepo ndinatulutsa buku la kafukufuku wanga, lija lachikuto cholimba, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Amayi sukulu anasiyira Sitandade 3. Analitembenuza, kulisisita, kenako anapeza mawu awiri amene anawadziwa: dzina langa, ndi Chilwa.

"Ndiye m'menemu walembamo zoti chiyani, mwana wanga?"

Ndinayamba kufotokoza. Ndinati ndinkafufuza mmene amayi oyanika ndi kugulitsa nsomba amapezera chakudya nyanja ikaphwa. Ndinati nyanja yathu ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho madzi amangopita ndi dzuwa. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, mitsinje ya Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe siibweretsa madzi okwanira, n'chifukwa chake inaphwa mu 1968, mu 1995, komanso mu 2018. Ndikulankhula choncho ndinkadzimva ndekha kuti mawu akutuluka owuma, ngati ndidakali kutsogolo kwa aphunzitsi ondiyesa.

Amayi anangogwedeza mutu. "Ee, chaka chija iwe uli kumsana. Mabwato anangokhala pamatope. Anthu ankapita ku chilumba cha Chisi wapansi." Anatchula amayi anzawo amene anapita kukagwira ganyu m'minda ya mpunga ku Domasi, ena amene amuna awo anapita kukapha nsomba ku Mangochi osabweranso. Ananena mmene anagulitsira mbale ndi mapoto. Zonsezi zili m'buku langa, m'mutu wachinayi, koma m'Chingerezi, zitasanduka manambala.

Kenako anandiyang'ana. "Nanga ine bwanji sunandifunse?"

Sanafunse mokwiya ayi. Anafunsa ngati munthu amene akungofuna kudziwa. Ndinayankha kuti pa kafukufuku sibwino kufunsa wachibale, ena anganene kuti wakondera. Amalume anaseka n'kunena kuti, "Achemwali, musiyeni mwana apume, lero ndi lachisangalalo." Amayi anati, "Oo, chabwino," n'kukulunga bukulo m'chitenje.

Koma chabwino ameneyo sakundichoka m'mutu.

Miyezi inayi ndinkayenda ndi mapepala anga kudoko, kufunsa amayi oyanika matemba pathandala. Ndinakwera bwato kukafika ku zimbowera, tinyumba ta asodzi tija toyandama pakati pa udzu. Madzulo ndinkabwerera kunyumba, amayi n'kundiikira madzi osamba, kundipakulira nsima, ine n'kukhala pakhonde ndi laputopu kumasulira mawu a anthu ena. Munthu amene wagwira nsomba za m'nyanja imeneyo kuyambira ali mtsikana anali pompo, akutsuka mbale. Yankho limene ndawapatsa lero si labodza, koma si lonse. Zoona zake n'zakuti sizinandifikire n'komwe m'maganizo kuti ndiwafunse, ngakhale kungocheza chabe popanda cholembera. Ndinkawaona ngati amayi basi.

Ndipo fizi yanga ya ku sekondale inachokera m'matemba omwewo. Ndikukumbukira ndalama zimene ankamasula pamfundo ya chitenje, zonunkha utsi. M'bukumo ndatchula akatswiri ambirimbiri, ena a kumayiko akunja amene anadzakhala kuno zaka zochepa n'kubwerera. Ndimawalemekeza, popanda iwo sindikadadziwa za 1968. Amayi ali pa tsamba limodzi lokha, loyambirira, mizere iwiri yothokoza imene sangaiwerenge.

Mwina ndi kutopa chabe. Zaka zitatu zogwira ntchito masana n'kuwerenga usiku, magetsi akazima kuwerengera pa foni, ndinkaganiza kuti tsiku la lero mtima udzakhala myaa. Anzanga adzaza zithunzi pa WhatsApp, ndipo ndikusangalala nawo ndithu. Inenso ndasangalala, ndisaname. Pamene ndinkatsika pa nsanja paja misozi inalengeza.

Titadya madzulo, amayi anatulutsanso bukulo. "Ukadzabwera pa Khirisimasi udzandiwerengere m'Chichewa. Ndimve ngati anakuuza zoona." Ndinavomera. Anatinso pali zina zimene amayi a kudoko sangauze munthu wonyamula mapepala, ngakhale akhale mwana wa mnzawo, makamaka za mmene ena amapezera nsomba kwa asodzi ndalama zikasowa. Atatero anakagona.

Ndayesa kumasulira tsamba loyamba pompano. Ndakanirira pa mutu weniweni wa bukulo. Liwu limene ndalilemba mwina kambirimbiri ndilibe nalo la Chichewa. Kupirira? Kulimba mtima? Kudzukanso? Palibe likukwana, ndipo amene angalidziwe ali m'chipinda chinacho. Minibasi ya ku Kachulu akufuna akakwere m'mamawa, mkanjowu ndikabweze isanakwane 10 koloko. Kaya ndiwadzutse msanga tikambe tikumwa tiyi, kaya ndidikire Disembala.