Tsiku limene tinabwezedwa ku EEG chifukwa cha mafuta a m'tsitsi

Mwana wanga wamkazi wa zaka 8 atayamba kumangoti duu kwa masekondi angapo, osayankha ngakhale aitanidwe, dokotala anatilembera kalata yoti akapimidwe ndi makina a EEG, amene amajambula mphamvu ya magetsi yochokera mu ubongo. Za kulembetsa dzina ndi kudikira pamzere sindinenapo. Chimene chikundipwetekabe mtima ndi ofesi yopereka tsiku, kumene mayi wina analemba deti m'buku la kuchipatala la mwana, nandiuza kuti tidzalawirire, osatchula n'komwe za tsitsi.

Mayi ake anamuluka bwino n'kumudzoza mafuta, poti mwana wopita kuchipatala sayenda ndi tsitsi losasamalika. Tinakwera minibasi ziwiri, tinadikira mpaka 11 koloko, ndipo woyeza atangogwira mutu wa mwanayo anati, "Bambo, tsitsi ili n'loluka komanso lili ndi mafuta, timawaya sitigwira." Tsiku lantchito linapita, ndalama zoyendera zinapita, deti lina linapezeka patatha milungu itatu. Musadzoze mwana mafuta, ndipo mumasuleni tsitsi n'kulichapa ndi sopo yekha.

Chifukwa chake ndinachimva pa ulendo wachiwiri. Mphamvu imene imafika pakhungu la mutu ndi yochepa kwambiri, imayezedwa ndi mamaikrovoti, tizigawo tating'ono kwambiri ta mphamvu ya magetsi, choncho mafuta pang'ono amasokoneza zonse. Timawaya ta makinawo timene amamata pamutu, timene timakhala pafupifupi 21, satiika mwachisawawa: woyeza amayeza mutu ndi tepi kuchokera pamwamba pa mphuno mpaka kunkhongo, n'kulemba madontho pa 10 ndi 20 peresenti ya mtunda umenewo, ndipo zingwe za tsitsi loluka zimadutsa pa madontho omwewo. Agogo ake ankaopa kuti mwana alowetsedwa magetsi m'mutu, koma makinawo amangolandira, salowetsa kanthu.

Mwana atatseka maso, mizere ya pakompyuta yochokera kumbuyo kwa mutu inayamba kukwera ndi kutsika mwadongosolo, ka 8 mpaka ka 12 pa sekondi, ndipo atatsegula maso mafundewo anazimiririka. Amenewa ndi mafunde a alpha, amene anawaona koyamba Hans Berger wa ku Germany, yemwe anajambula ubongo wa munthu mwanjira imeneyi mu 1924. Ochedwa kuposa 4 pa sekondi ndi a delta, amene amachuluka pa tulo tofa nato, ndipo kompyuta imatha kulekanitsa mitundu yonseyi pogwiritsa ntchito masamu a Joseph Fourier, katswiri wa ku France. Ndaiwala kunena kuti tinauzidwa kuti mwana agone mochedwa usiku wake, adye m'mawa, ndiponso kuti amene ali pa mankhwala asasiye popanda mawu a dokotala.

Kenako woyeza anamuuza mwanayo kuti apume mwamphamvu kwa mphindi zitatu. Asanamalize anangoti duu monga amachitira kunyumba, ndipo mizere yonse inasintha nthawi imodzi: kansonga kakuthwa kotsatana ndi funde lalikulu, katatu pa sekondi, mofanana ngati wina akulemba ndi rula. Dokotala atawerenga anati umenewu ndi mtundu wa khunyu umene sugwetsa mwana pansi, ndipo anamuyambitsa mankhwala.

Zotsatira sizituluka tsiku lomwelo, choncho funsani deti lake musanatuluke. Phala lomatira timawaya linachoka titachapa tsitsi kawiri, ndipo mafuta tinamudzoza madzulo ake, titafika kunyumba.