Kadyetsedwe ka galu wothamanga kuno ku Mangochi

Galu ngati German Shepherd kapena Belgian Malinois sangakhalire nsima yokha. Mimba imadzadza, koma minofu imatha ndipo ubweya umayamba kuthothoka.

Galu wa makilogalamu 30 amene amathamanga tsiku lililonse apatsidwe chakudya chophika pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, chogawa pawiri: m'mawa ndi madzulo kukazizira. Theka likhale nyama, nthumbwana, mazira kapena nsomba. Chotsalacho ndi nsima ya mgaiwa kapena mpunga, dzungu pang'ono, ndi supuni imodzi ya mafuta ophikira.

Kuno nsomba sizisowa, ndipo usipa ndi wabwino kwambiri chifukwa amadya ndi minga yomwe, yolimbitsa mafupa. Muziuphika ndithu, ndipo ngati ndi wamchere uviikeni kaye m'madzi. Chambo chotsani minga. Mafupa a nkhuku ophika amathetheka n'kubaya matumbo. Anyezi amawononga magazi a galu, choncho zotsala za ndiwo zathu musamupatse.

Musamudyetse atangothamanga kumene. Dikirani ola limodzi, chifukwa agalu a chifuwa chachikulu mimba imatha kutupa n'kupotokola, ndipo amafa msanga.

Madzi akhale pamthunzi, malita awiri kapena kuposa, makamaka mu Okutobala. Mankhwala a njoka zam'mimba, miyezi itatu iliyonse.