Zizimba za ku Faraday zandipatsa maganizo

Semesita ino tikuphunzira za nyama zomwe anthu amapangira mankhwala achikuda, ndiye a lekichala anati kuwerenga kokha ayi, pitani ku Faraday mukaone nokha, msika wa asing'anga uja wa kuno ku Joni (Johannesburg) uli kunsi kwa msewu wa M2 pafupi ndi renki ya mataxi. Abale inu zilipo kumeneko. Zikopa za nsato zopachikapachika, ng'azi zouma gwa, zigoba za fulu, minga ya nungu yomanga m'timitolo, mafuta m'timabotolo topanda dzina koma mayi wogulitsayo akudziwa kalikonse kuti aka nka nyama yanji. Kafukufuku wina wa mu 2011 anapeza mitundu 147 ya nyama pa msika umodzi womwewu.

Chomwe ndagwira nchoti nyama saisankha mwachisawawa, amayang'ana khalidwe lake. Kwathu agogo ankati mtengo paokha sugwira ntchito popanda chizimba, ndipo kuno kwa Azulu nzeru yake ndi yomweyo. Muimba umaona nyama yakufa uli kutalitali mmwamba ndiye ubongo wake akuti umakulotetsa zakutsogolo, ena amausuta pofuna manambala a Lotto. Fulu ndi wolimba komanso amakhalitsa. Ine sindinyoza ayi, anthuwa nyama amazidziwa kuposa ambiri a ife mkalasi muja.

Koma za miimba zandiwawa kwambiri. Imaikira dzira limodzi basi pa chaka, pomwe osaka amangothira poizoni pa nyama yakufa nkupha gulu lonse kamodzi, ndiye taganizani wogula uja akusuta chiyani. Kumudzi sing'anga ankafuna kachidutswa kochepa ka wodwala mmodzi, pano Joni yonse ikugula. Ngaka nayo ikutha chonsecho mamba ake ndi keratin, zomwe zili mu zikhadabo zathuzi, nchifukwa chake ku Malawi lamulo la 2017 linafika mpaka zaka 30 kundende.

Ina yomwe ndaika mu asayimenti ndi ya ndulu ya ng'ona, tonse tinakula tikuiopa. Mu 2015 ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique anthu 75 anamwalira atamwa mowa wamasese pamaliro, mbiri inangoti ndulu ya ng'ona, atayeza ku labu anapeza kuti ndi poizoni wa tizilombo tomwe tinali mu ufa wa chimanga wowonongeka. Loweruka ndikupita ku Kwa Mai Mai, msika wina wa asing'anga mu Joni momwemu, ndi mnzanga wa ku Dedza amene amatha Chizulu, ndikufuna ndikafunse asing'anga eni ake kuti muimba ukasowa amaikapo chiyani mmalo mwake.