Chiperoni chandiyalutsa lero

Kuno ku Thyolo chiperoni chatikhaulitsa, minda ya tiyi yonse yabisika m'nkhungu. Ndili khale pa mbaula kuwotha manja, mwana wanga wamkazi wabwera ndi foni akuseka: "Adadi, taonani abambo anzanu awa." Kuyang'ana, ndi kanema wa ma penguin akuluakulu a ku Antarctica aja, otchedwa emperor, mbalame za kudziko lozizira koopsa.

Abale, yaikazi ikaikira dzira limodzi lokhalo imalisiyira yaimuna, iyo ulendo kunyanja kukasaka nsomba. Bamboyo amaliika pamwamba pa mapazi ake n'kulifunditsa ndi chikopa cha pamimba, miyezi iwiri yathunthu ali chiimire, m'kamwa osalowa kanthu, kuzizira kukufika madigiri -40. Dziralo likangogubudukira pa ayezi n'kukhalitsa pang'ono, mwana wafera momwemo. Mphepo ikakula amaunjikana thithithi, kumasinthana kulowa pakati pofunda. Mapiko ali nawo koma kuuluka ayi, amangopalasira m'madzi ngati nkhafi.

Manyazi andigwira, chifukwa m'mawa uno ndinakana kumuperekeza mwanayu kusukulu, ndikumati kunja sikukuyendeka. Anapita naye ndi amayi ake, mvula ikuwaza. Panopa angondiyang'ana kamodzi, n'kupitiriza kuthira tiyi m'makapu.