Zikomo anamwino a ku Chatinkha, mwana wathu wafika 2.5kg

Abale anga lero ndilemba zambiri pang'ono, mundipirire. Mwana wathu wamkazi wakwana 2.5kg ndipo asisita atiuza kuti kangaroo, kuja komumangirira mwana pachifuwa, tisiye tsopano, azingopita kusikelo ngati ana anzake onse. Ndiye ndati ndisagone ndisanathokoze anamwino a ku Chatinkha, kochirira amayi pa chipatala cha Queens ku Blantyre, chifukwa pa Facebook pano nesi akalakwitsa timalemba tonse mpaka ma comment 500, koma akagwira ntchito yabwino timangoti Mulungu ndi wabwino basi n'kumapita. Mulungu ndi wabwinodi, koma anadzera m'manja mwa anthu, ndipo anthuwo ine ndinawaona ndi maso angawa.

Mwanayu anabadwa mimba ili ndi miyezi 7, sikelo inawerenga 1.3kg. BP ya mayi ake inakwera kwambiri, miyendo kutupa mutu kuwawa, ku health centre anangoti apa ndi ku Queens basi ambulansi iyo, kufika uko madokotala anati palibe kudikira apite ku fiyeta. Mayi ku wodi ndi bala la opaleshoni, mwana ku nazale, ine panja ndi apongozi anga tangogwira basiketi ya zakudya osadziwa tilowere kuti.

Atandilola kukamuona ndinasowa chonena. Kamwana konse kokwana m'manja awiriwa, timachubu m'mphuno, pambali kabotolo ka madzi kakungochita thovu bwatabwata. Ndinafunsa ngati makinawo awonongeka, nesi wa pa shifiti anaseka pang'ono nati ayi bambo, thovulo likamatuluka ndiye kuti zili bwino, mpweya ukukankha timapapo take kuti tisatsekeke poti sitinakhwime. Makinawo ndi CPAP, ndipo mtundu wake wotchipa wotchedwa Pumani anaupanga a Rice University ya ku Texas mogwirizana ndi madokotala a pa Queens pomwepa. Anandifotokozera modekha ngati alibe ntchito ina, chonsecho ana anali mbwee chipinda chonse ndipo wina anali akulira kale kumbuyo kwake.

Koma chimene sindidzaiwala ndi nkhani ya mkaka. Madamu mkaka sumatuluka, bala likuwawa, nkhawa nayo, ndiye anayamba kulira kuti mwana wanga afa ndi njala chifukwa cha ine. Panali nesi wina wachikulire, dzina sinditchula poti sindinamupemphe koma akawerenga adzizindikira, anakoka mpando usiku n'kukhala nawo pansi, kuwaonetsa pogwira ndi kafinyidwe kake, osati kukoka nsonga ayi koma kufinya chakumbuyo pang'onopang'ono. Panatuluka timadontho tachikasu tochepa zedi, iye n'kutitenga ndi sirinji osataya ngakhale kamodzi, akuti mayi uwu ndiye mankhwala oyamba a mwana wanu, kamimba kake n'kakang'ono sikafuna zambiri. Kuyambira pamenepo maola awiri aliwonse, usana ndi usiku, amayi onse amadzutsidwa kukafinya, mkaka kudzera pa kachubu mpaka m'mimba, kenako atalimba anayamba kumwera pa kakapu. Amene amadzutsa amayiwo 2 koloko usiku ndi kulemba mamililita pa fayilo ndi anamwino omwewa, ife ma gadiyani tili mkonono panja.

Usiku wina mwana anangosiya kupuma. Ana obadwa masiku asanakwane amatero, amaiwala kupuma. Madamu akuti anangoona milomo yasintha mtundu iwo miyendo zii, mawu osatuluka, koma nesi anafika osakuwa osathamangitsa munthu, kumusisita kumsana, kumutosa kuphazi, mpaka kamwana kanakoka mpweya n'kulira. Kenako anangoti mayi khalani pansi wabwerera, n'kuitana adokotala, n'kukhala pafupi naye mpaka kunja kunayera. Mmawa wake anaweruka n'kukakwera minibasi ngati wina aliyense.

Komanso ndinene, anthuwa ndi okhwimitsa malamulo, poyamba mpaka achibale ena anadandaula. Kusamba m'manja ndi sopo usanakhudze mwana, alendo ayi, wachimfine asayandikire n'komwe. Apongozi anga anabwera ndi maganizo akumudzi oti mwana asambitsidwe mankhwala ena ake kuti alimbe, ndipo ine monga mkamwini ndikanayamba bwanji kuwatsutsa? Asisita ndi amene anandipulumutsa. Sanawanyoze, anangoti agogo, mwana uyu khungu lake ndi lopyapyala, akazizidwa pang'ono kapena kulowa tizilombo titaya ntchito yonseyi, koma pali ntchito ina imene tikufuna inuyo mutithandize. Ntchito yake inali kangaroo. Agogo aja anasanduka katswiri, mpaka kumalangiza atsikana ena mu wodimo kamangidwe ka chitenje.

Kwa amene simukuidziwa kangaroo, mwana amangovala thewera, kachipewa ndi masokosi, n'kumuika pachifuwa khungu kukhudza khungu, kumumanga ndi chitenje, tsiku lonse ngakhale pogona umagona chotsamira. Kutentha kwa thupi lako ndi kumene kumamufunditsa. Njirayi inayambira ku Bogotá ku Colombia mu 1978 chifukwa ma incubator, makina ofunditsa ana, ankachepa, ndipo kuno kwathu inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Ine ndimaona ngati ndi za azimayi, mpaka nesi wina wachitsikana anandiyang'ana nati bambo vulani shati, mayiwa akasambe apumeko. Amayi onse mu wodi kuseka. Ndinavula, anandimanga mwana, ndipo ndikuuzeni amuna anzanga, thukuta lake si lamasewera koma kumva kamtima kakugunda pa iwe ndi zina.

Si ana onse anatuluka. Mayi wina amene bedi lake linayandikana ndi la madamu mwana wake anatisiya, ndipo anali yekha, gadiyani wake anali atapita kumudzi kukasaka ndalama. Nesi amene anayesetsa kumupulumutsa mwanayo ndi yemweyo anamugwira mayiyo pa phewa, kumuperekeza, kumuimbira foni achibale pa foni yake ndi mayunitsi ake. Atabwerera maso anali ofiira, anasamba m'manja n'kupita kwa mwana wotsatira poti nthawi ya mkaka inali itakwana. Mayi amene uja ngati uthengawu ungakupezeni, sitinakuiwaleni, timakupemphererani.

Lipoti la 2012 la WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse, ana 18 pa 100 aliwonse ankabadwa masiku asanakwane, ndiye ganizani kuchuluka kwa ana amene amadutsa m'manja mwa anamwinowa pa chaka, m'dziko loti anamwino ndi ochepa kale ndipo malipiro ake tonse tikuwadziwa. Ine sindingawalipire, ndilibe. Chimene ndingathe ndi ichi.

Zikomo asisita nonse a ku nazale ndi ku wodi ya kangaroo, a shifiti ya usana ndi ya usiku. Zikomo madokotala ndi azamba, ana asukulu a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS amene munkabwera kudzayeza kutentha mwaulemu, amayi okolopa amene munkatilondolera njira tikasochera m'makonde aja, ndi adalaivala a ambulansi. Zikomo a mpingo ndi anzanga a kuntchito chifukwa cha mapemphero ndi ka transport kaja.

Mu November, pa tsiku lokumbukira ana obadwa masiku asanakwane, ine ndi madamu tikufuna tikasiye zitenje, sopo ndi tizipewa toluka ku wodi ija, amene mungathe kuponyapo kenakake kapena mumadziwa kuluka ndipezeni ku inbox. Ndipo amene mwakhala mukufunsa kuti tidzamuone liti mwana, bwerani tsopano, koma sopo ali pakhomo ndipo wachimfine adikire kaye, apongozi anga ndi amene akulondera.