Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mabuku a kampani ndi mabuku a pakhomo

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene ndinalembedwa ntchito ya ukontabilista (yolemba ndi kuwerengera mabuku a ndalama) pa kampani ina yaing'ono ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, yokonza magalimoto akuluakulu a kumgodi. Malasha anali atayamba kutuluka mu 2011, lendi inakwera mu Tete monse, ndipo pa mlatho wa Samora Machel magalimoto ankandandalikana mpaka kutali, kufikira mlatho wa Kassuende utatsegulidwa mu 2014. Mnyamata aliyense wa kwathu ku Angónia wodziwa kugwira sipanala anatsikira kuno kotentha kudzasaka ntchito.

Ntchito yanga inali ya malisiti, malipiro ndi misonkho. Ndinkawerengetsa IVA, msonkho wa pa zogulitsa, kudula 3 peresenti ya INSS, bungwe la boma la penshoni, pa malipiro a munthu aliyense, kampani n'kuwonjezerapo 4 peresenti yake. Kumapeto kwa mwezi tinkaweruka usiku, maso ali psuu. Kenaka mabwana anagula pulogalamu ya pakompyuta yowerengera ndalama yotchedwa Primavera, ndipo zimene zinkatitengera sabata yathunthu zinayamba kutha dzuwa lisanapendeke. Tinasangalala. Koma mtengo wa malasha unali ukutsika, ndipo mu 2016 nkhani ya ngongole zobisika za boma itaphulika, dola imodzi imene inkagulidwa pafupifupi mametikali 45 inafika pafupi ndi 80. Zinthu m'sitolo zinakwera ndi kuposa 20 peresenti m'chaka chimodzi. Kampani yathu inayamba kuchepetsa anthu, ndipo oyamba kupita anali anzanga a mu ofesi, aja olemba manambala m'mabuku, poti kompyuta inali itatenga kale ntchito yawo.

Ine ndinatsala, ndipo ntchito yowawa kwambiri inagwera ine: kuwerengera amakaniko ndi owotcherera ndalama zawo zotsazikira ntchito. Munthu ankatuluka mu ofesi mwanga ndi ndalama zimene sanazigwirepo chibadwire. Patapita miyezi yochepa ndinkakumana naye pamsika akufunsa za katapila. Sanali anthu opusa, ndipo ambiri sanali zidakwa. Wina anagula njinga yamoto yoti azinyamulira anthu, osawerengera mafuta ndi matayala. Wina anayamba nyumba ya zipinda zambiri, n'kuthera pa mawindo. Ndinkadziwa mabuku a kampani mpaka senti yomaliza, koma anthu amene thukuta lawo linali m'mabukuwo analibe wowalembera ngakhale tsamba limodzi.

Tsiku lina bambo wina wachikulire wa ku Tsangano, wowotcherera zitsulo, atasaina pepala lake sanadzuke pampando.

"Mwana wanga, iwe wawerenga bwino, ndakhutira. Tsono ndiuze, ndalama zimenezi ndizitani?"

"Bambo, zimenezo si za ofesi ino. Koma mukalola, Loweruka ndibwere kwanu, amayi akhalepo."

"Amayi akowo alowapo bwanji?"

"Iwo ndiwo akudziwa kuti thumba la ufa limatha masiku angati."

Anaseka, koma analola. Tinakhala pakhonde ndi kope la ana asukulu, tsiku lonse. Sitinayambe ndi funso loti ndalama tiike kuti. Tinayamba ndi miyezi: mwezi uti umalowetsa, mwezi uti umadya. Mayi aja anatchula zinthu zimene bambo sankazidziwa n'komwe, ngongole ya kugolosale, xitique (chipereganyu) imene ankaponya ndi anzawo mwezi ndi mwezi, mankhwala a apongozi. Ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu tinaibweza sabata yomweyo. Tinapatula chakudya cha miyezi isanu ndi umodzi pa akaunti yosiyana, yopanda khadi. Zotsala zinagula makina owotcherera akeake, pakuti luso analinalo kale ndipo mageti ndi mawindo a nyumba za ku Matundo, mu mzinda wa Tete, sankasowa wofuna. Mpaka lero bambowo amawotcherera.

Mbiri inakafika kumudzi, ndipo amalume anga a ku Domwe anandiitanitsa. Iwo amalima fodya ndi mbatatesi. Ndalama za mlimi zimabwera ngati mvula ya chizimalupsa, tsiku limodzi fumbi lonse laphedwa, mawa lake kwauma. Fodya akagulitsidwa pakati pa chaka m'nyumba mumakhala nyama, koma feteleza amafunika mu Okutobala, za sukulu mu Januwale, nthawi yomwe nkhokwe yayamba kuonetsa pansi. Pamwamba pa izo, amalume ndi mwini mbumba: ana a alongo awo akadwala, akakwatiwa, akathamangitsidwa kusukulu, khomo logogoda ndi lawo.

Nditalemba mzere wa "maliro ndi achibale" m'kope, anandiyang'ana.

"Mphwanga, maliro amalembedwa asanachitike? Ukuitana tsoka."

"Amalume, chaka chatha munapereka kangati?"

Anawerenga pa zala, zala n'kutha. Mzerewo unakhala.

Mabuku ophunzitsa kusamala chuma amene ndinawerenga, olembedwa ku Lisboa ndi ku São Paulo, sadziwa mzere umenewu. Amaona kuthandiza achibale ngati kubooka kwa thumba. Ine ndimakana. Kwathu kuno chibale ndiye inshuwalansi imene imalipiradi tsoka likagwa, ndipo wolangiza amene auza munthu kuti atseke khomo akumuphera mawa lake. Chofunika n'kuchipatsa malire ndi malo ake m'kope, kuti chisadye feteleza.

Vuto lina la amalume linali la ndalama ziwiri. Kufupi ndi malire a Calómuè ndi Dedza, ogula mbatatesi ambiri amabwera ndi makwacha, ndipo amalume ankawasunga m'nyumba miyezi. Ndinawapempha kuti makwacha azikhala ogulira zimene amagula ku Malawi basi, zosunga zizikhala m'mametikali, kapena azigula feteleza msanga. Pamene kwacha inadzagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anzawo ena anagona ndi ndalama za matumba khumi n'kudzuka ndi za matumba ochepa. Metikali nayo inatiwotchapo mu 2016, choncho sindiikweza kumwamba. Funso ndi limodzi nthawi zonse: ndalamayi mudzagulira chiyani, kuti, ndipo liti?

Achinyamata amandilembera kufunsa ngati aphunzirebe ukontabilista poti makompyuta akutha ntchito. Ndimati phunzirani, lembetsani ku OCAM, bungwe lathu la akontabilista ndi ofufuza mabuku limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 2012, koma musayembekeze kukalambira pa desiki mukulowetsa malisiti. Ntchito imeneyo ikupita ndipo sibwerera. Makampani akuluakulu adzasunga akontabilista ochepa, odziwa kwambiri, ndipo eni ake amasinthanso: mgodi wa Moatize womwewo unachoka m'manja mwa kampani ya Vale kupita kwa ya Vulcan mu 2022. Amalonda ang'onoang'ono nawo, amene ankalipira msonkho wa ISPC wa 3 peresenti pa zogulitsa zosapitirira mametikali 2.5 miliyoni pachaka, sankafuna munthu wowalembera mabuku akuluakulu. Chimene ankasowa, ndipo akusowabe, ndi munthu wowauza ngati okala yawo ikupindula kapena ikudya mpamba.

Kumeneko ndiko ndikuona tsogolo lathu. Ndalama tsopano zili pa foni, pa M-Pesa, e-Mola ndi mKesh, ndipo ngongole imabwera ndi kudina kamodzi. Njira zosungira zilipo zimene anthu ambiri sanazimve. Munthu wodzilemba yekha ntchito atha kulembetsa ku INSS n'kumadzilipirira 7 peresenti yonse kuti adzalandire penshoni. Mu 2019 HCB, kampani ya magetsi ya damu la Cahora Bassa lomwe lili m'chigawo chathu chomwechino, inagulitsa masheya kwa anthu wamba pa mametikali 3 imodzi, koma m'midzi yathu nkhaniyo inadutsa osaimva. Kontabilista amadziwa kuwerengetsa chiwongoladzanja, amadziwa msonkho, amadziwa kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa kontalakiti. Chimene sukulu sinatiphunzitse ndi kukhala pamphasa, kumvetsera mayi akamazengereza kutchula ngongole pamaso pa amuna awo, ndi kutseka pakamwa tikachoka pakhomopo. Munthu akakuonetsa kope lake wakuonetsa zonse za m'nyumba mwake. Ukangoyankhula kamodzi kumowa, ntchito yako yatha boma lonse.

Pali chinthu chimodzi chimene sindigonjapo. Wolangiza alipidwe ndi banja limene akulilangiza, osati ndi wogulitsa inshuwalansi kapena ngongole. Anthu anabwerapo kwa ine ndi mawu okoma, kuti ndikawabweretsera makasitomala ndizidyapo kanga. Ndinakana, chifukwa tsiku limene malipiro anga adzadalira kuti amalume asaine pepala, ndidzasiya kuona timalemba tija. Izi zikutanthauza kuti ndalama zake n'zochepa, sindibisa. Mabanja ena ankandilipira thumba la mbatatesi, ena nkhuku, ndipo ndinkakwaniritsa mwezi polembera masitolo angapo mapepala a msonkho. Mphunzitsi, namwino, woyendetsa thiraki wa pa msewu wa Zóbuè, amenewo ankatha kupereka kandalama pachaka, ndipo akaona phindu ankabwera ndi mnzawo.

Pofika kumapeto kwa 2017, Loweruka lililonse linali ndi banja lake, ena akudikira. Ndinalemba kalata yosiya ntchito ku Moatize, n'kupeza kachipinda ka lendi pafupi ndi msika ku Ulongwe, kokwana tebulo limodzi ndi mipando itatu, wachitatuwo wa mayi wa pakhomo. Akazi anga atamva kuti ndasiya malipiro a mwezi ndi mwezi, anatenga kope lomwelo limene ndinkalembera anthu ena n'kundiuza kuti tiyambe ndi la nyumba yathu. Zimene tinapezamo usiku umenewo ndidzakusimbirani m'gawo 10.