Sabata ya matenda oumitsa khosi pa yunivesite

Ndine namwino pa kachipatala ka ophunzira pa yunivesite. Lolemba m'mawa a ku labu anatiimbira kuti m'madzi a mumsana a mnyamata amene tinamutumiza ku chipatala chachikulu apezamo bakiteriya wotchedwa Neisseria meningitidis, wa gulu B, amene amayambitsa matenda oumitsa khosi. Mnyamatayo anali wachiwiri kudwala mu hositelo imodzimodziyo.

Moyo wake unapulumuka chifukwa cha mnzake wogona naye chipinda. Ena ankati ndi chimfine, ena matsire, angomusiya agone. Koma mnzakeyo ataona kuti thupi latentha, akusanza, akukana kuwala kwa babu ndipo akulephera kuweramitsa mutu, anamunyamula usiku womwewo. Matendawa amatha kupha munthu tsiku lisanathe, ndipo ngakhale alandire chithandizo, pa odwala 100 alionse amafa 10 mpaka 15. Mwa opulumuka, mmodzi mwa asanu amatsala ndi chilema monga kugontha, kapena kudulidwa zala ngakhale mwendo.

Lolemba ndi Lachiwiri tinali pa kalikiliki wofufuza amene anakhala naye pafupi m'masiku 7 asanadwale. Bakiteriyayu amayenda m'malovu ndi m'timadontho ta chifuwa, choncho kungokhala kalasi imodzi si vuto kwenikweni. Amene timawafuna ndi ogona naye chipinda ndi amene anapsompsonana naye. Funso limeneli silifunsidwa pagulu. Ndinkatseka chitseko, n'kulankhula motsitsa mawu. Mtsikana wina anakhala chete nthawi yaitali akupotokola lamba wa chikwama chake, kenako anati, "Sisitala, simukauza makolo anga?" Ndinamutsimikizira kuti zithera m'chipinda momwemo, ndipo anamwa piritsi lake la ciprofloxacin ine ndikuona. Mankhwalawa amafunika msanga, makamaka pasanathe maola 24.

Chimene chinanditopetsa kwambiri n'kufotokoza kuti piritsi ndi katemera sizigwira ntchito imodzi. Piritsi limapha bakiteriya amene ali pakhosi lero, basi. Munthu mmodzi mwa khumi amayenda naye pakhosi osadwala, ndiye kumutenganso mawa n'kosavuta. Katemera ndiye amateteza m'tsogolo, koma thupi limafuna pafupifupi milungu iwiri kuti lipange chitetezo, komanso wa gulu B jakisoni mmodzi sakwanira.

Lachitatu tinayamba kubaya mu holo yamasewera. Ntchito yanga yoyamba inali kuyang'anira mabokosi ozizira, chifukwa katemerayu ayenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo akangouma ndi chisanu watayika. Ophunzira ambiri anabwera ndi makadi awo n'kumati anabayitsa kale. Ukayang'ana khadi, palembedwa MenACWY, amene amateteza ku magulu A, C, W ndi Y okha. Gulu B lili ndi katemera wakewake, Bexsero kapena Trumenba. Sindiwaimba mlandu, pakuti katemera wa gulu B anabwera mochedwa kuposa winayo. Matendawa atabuka pa yunivesite ya Princeton mu 2013, Bexsero anali asanavomerezedwe ku America, moti anachita kumuitanitsa kunja ndi chilolezo chapadera.

Lachinayi makolo anaimba mafoni mosalekeza, ambiri akufuna ana awo abwerere kunyumba. Mtima wawo ndikuumvetsa. Ndinkawauza kuti matendawa amatha kubisala masiku 2 mpaka 10 asanaonekere, choncho mwana akapita kwawo apite atalandira zoyenera, ndipo apakhomo adziwe zizindikiro.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinayenda m'mahositelo nditanyamula tambula yagalasi. Ndinawaonetsa ophunzira mmene angaikanikizire pa timadontho tofiira kapena tofiirira ta pakhungu: tikapanda kuzimiririka, athamangire kuchipatala. Pa khungu lakuda timadonthoti sitioneka bwino, ndiye ayang'ane m'manja, kumapazi ndi mkati mwa zikope. Koma ndinawachonderera kuti asadikire timadontho, poti nthawi zina timatuluka mochedwa kapena osatuluka n'komwe. Mnzanu akagona thupi litatentha, muzimudzutsa n'kumuyankhulitsa, ndipo akamayankha zosokonekera musadikire kuti kuche.

Lachisanu mzere unali utafupika. Tinakhala pansi ndi kaundula, kulemba aliyense tsiku lodzabayitsanso, chifukwa mantha akatha ambiri sabwereranso. Tagwirizana ndi oyang'anira mahositelo kuti tsikulo likadzafika, katemera tidzamutengere kumeneko m'malo modikira kuti ophunzira abwere okha.